Pangano la Ofufuza ndi Makampani Liyambire pa Wodwala wa ku Kabanana

Matenda a shuga, amene kale anthu anali kuwayesa matenda a olemera a kumayadi, tsopano analowa m'makomboni a Lusaka ndipo akhazikikamo. Ku Kabanana, monganso ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, munthu safunika kuyenda mtunda wautali kuti apeze nyumba imene muli mayi womwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, kapena mwana wa sukulu wolasidwa nyeleti ya insulini tsiku ndi tsiku. Kufufuza kumene Unduna wa Zaumoyo unacita m'dziko lonse mu 2017, mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, kunaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 18 kufikira 69, pafupifupi 6 anali ndi shuga wopitirira muyeso m'magazi. Pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wonenepa kupitirira muyeso.

Shuga ndi nthenda ya moyo wonse. M'thupi la munthu muli ciwalo cochedwa kapamba, cimene cimatulutsa insulini, ndipo insuliniyo ndiyo imatsegula njira kuti shuga wocokera m'cakudya acoke m'magazi ndi kulowa m'minofu kukapatsa munthu mphamvu. Kapamba akaleka kutulutsa insulini, kapena thupi likaleka kuimvera, shuga amaunjikana m'magazi ndi kuononga pang'onopang'ono maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi. Kacilonda ka pa cala ca kuphazi, kamene kwa munthu wina kakanapola m'sabata imodzi, kangathe kufikitsa wodwala shuga podulidwa mwendo. Ngati wodulidwayo ali wogulitsa pa kantemba kapena womanga nyumba amene banja lonse limdalira, ndalama ya lendi imasowa ndipo ana amaleka sukulu. Conco nkhani ya mankhwala a shuga ndi nkhani ya citukuko ca dziko, ndipo iyenera kukambidwa poyera.

Mankhwala atsopano amabadwa m'nyumba ziwiri. Yoyamba ndi yunivesiti, kumene akatswiri amatha zaka zambiri akufufuza m'mene nthenda imayambira ndi cimene cingaigonjetse. Yaciwiri ndi kampani, imene ili ndi makina, ndalama ndi luso losandutsa cimene capezeka m'kabotolo kamodzi kukhala mapiritsi mamiliyoni ofanana mphamvu. Mutu umodzi susenza denga. Wofufuza wopanda fakitale amangolemba mabuku, ndipo fakitale yopanda wofufuza imangobwereza zakale. Mgwirizano wa awiriwa ndi wofunika, ndipo dziko lino liyenera kuulimbikitsa. Koma mgwirizano uli wonse uli ndi pangano lake, ndipo mau a m'panganomo ndiwo amagamula ngati mankhwalawo adzafika m'manja mwa wodwala wa ku Kabanana kapena adzangomveka pa wailesi.

Mbiri ya insulini yeniyeniyo ndi phunziro loyamba. Mu 1921, pa University of Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best, pogwira nchito m'cipinda cofufuzira ca John Macleod, anatulutsa madzi a m'kapamba amene anatsitsa shuga m'magazi a agalu. James Collip anawayeretsa, ndipo mu January 1922 mnyamata wochedwa Leonard Thompson, amene anali pafupi kufa, analasidwa mankhwalawo nakhala moyo zaka zina 13. Koma yunivesiti inalephera kupanga insulini yokwanira odwala onse amene anali kupempha. Motero mu 1922 inapangana ndi kampani ya Eli Lilly ya ku America, imene inapeza njira yoitulutsira yambiri kucokera ku kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Mu January 1923 Banting, Best ndi Collip anagulitsa cikalata ca umwini wa mankhwalawo kwa yunivesiti pa dola imodzi aliyense. Yunivesiti inakhazikitsa kabungwe koyang'anira insulini, kamene kanali kupereka cilolezo kwa opanga ndi kuyesa mphamvu ya mankhwala ao asanagulitsidwe. Cingwe cinakhala m'manja mwa ophunzira, ndipo m'zaka zowerengeka insulini inali kupangidwa m'maiko ambiri.

Komabe mbiriyi ili ndi mbali yaciwiri. Patapita zaka zoposa 100, makampani atatu okha, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ndiwo agwira magawo oposa 90 pa 100 a malonda a insulini pa dziko lonse lapansi. Mankhwala amene eni ake anawapereka pa dola imodzi akali osowa kwa odwala ambiri a m'maiko osauka. Mtima wabwino wa wofufuza pa tsiku losaina pangano sukwanira kuteteza wodwala wa zaka makumi asanu zikubwerazo. Comteteza ndi mau olembedwa, ndiponso boma logalamuka limene limaona kuti mauwo akutsatidwa.

Phunziro laciwiri licokera pafupi, kum'mwera kwa Africa. Kuyambira kalekale anthu a mtundu wa San anali kudya comera ca m'cipululu cochedwa hoodia pofuna kuletsa njala ndi ludzu pa ulendo wa uzimba. Bungwe la boma la South Africa lofufuza za sayansi, lochedwa CSIR, linapeza m'comeraco cinthu coletsa njala, ndipo m'zaka za m'ma 1990 linatenga cikalata ca umwini wake. Linapereka cilolezo kwa kampani ya Phytopharm ya ku Britain, ndipo iyonso inapangana ndi Pfizer kuti apange mankhwala ocepetsa kunenepa. Eni ake a nzeruyo sanafunsidwe. Nkhaniyi inaululika mu 2001, ndipo patapita makambirano aatali, mu March 2003 bungwe la CSIR linavomera kupatsa a San magawo 6 pa 100 a ndalama zimene likanalandira pa malonda, ndi magawo 8 pa 100 a ndalama zolipidwa nchito ikafika pa makwerero opanganidwa. Pfizer inacoka m'caka comweco. Kampani ya Unilever inalowa m'malo mwake, koma mu 2008 nayonso inaleka itaona kuti mankhwalawo sanakwanitse miyeso ya mphamvu ndi ya citetezo.

Nkhani ya hoodia iphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, mwini nzeru ayenera kukhala pa bwalo pangano lisanalembedwe, cifukwa kumuitana pambuyo kumabala makangano ndi manyazi. Caciwiri, si comera cili conse cochuka cimene cimasanduka mankhwala, ndipo kuyesa kokha ndiko kumasiyanitsa coona ndi congomveka. Pa mfundo yaciwiriyi palibe cifukwa conyozera zitsamba. Metformin, mapiritsi amene odwala shuga ambiri m'zipatala za Zambia amayamba nao, anacokera ku kufufuza kwa comera ca ku Ulaya cochedwa Galega officinalis, cimene asing'anga akale a kumeneko anali kugwiritsa nchito. Comeraco pacokha cinali ndi poizoni. Panapita zaka zambiri za kuyesa kufikira mu 1957, pamene dokotala wa ku France, Jean Sterne, anaonetsa kuti metformin ingathandize odwala shuga. Muzu wa m'chire la ku Katete kapena Petauke ungathe kukhala ndi mwayi womwewo, koma uyenera kudutsa njira yomweyo.

Dziko la Zambia si mlendo pa nchito yotere. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yake ya udokotala yakhala ikugwira nchito limodzi ndi cipatala cacikulu ca UTH. Mu 1967 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za sayansi limene pambuyo pake linakhala NISIR, ndipo mu 1975 ku Ndola kunayamba malo ofufuzirako matenda a kumaiko otentha, ochedwa Tropical Diseases Research Centre. Mu 2001 kunabadwa bungwe la CIDRZ, mwa mgwirizano wa akatswiri a m'dziko lino ndi University of Alabama at Birmingham ya ku America. Zipatso za nchito imeneyi zinaoneka m'nthawi ya mliri wa Edzi. Mu 2004 Profesa Chifumbe Chintu ndi anzake a ku Britain anafalitsa zimene anapeza pa UTH, zakuti mankhwala ochipa a cotrimoxazole, amene anthu amawadziwa ndi dzina la Septrin, anacepetsa imfa za ana okhala ndi kacilombo ka HIV ndi magawo 43 pa 100. Bungwe la World Health Organization linasintha malangizo ake cifukwa ca nzeru yocokera ku Lusaka.

Citsanzo cina cikhudza kampani mwacindunji. Kale ana okhala ndi kacilomboka anali kumwa mankhwala amadzi a m'mabotolo angapo, ovuta kuyeza ndi kusunga. Madokotala a pa UTH, mogwirizana ndi ofufuza a ku Britain ndi ku Netherlands ndiponso kampani ya Cipla ya ku India, anayesa kapiritsi kamodzi kophatikiza mankhwala atatu, kosungunuka m'madzi, kochedwa Triomune Baby ndi Triomune Junior. Mu 2007 bungwe loyang'anira mankhwala la ku America linavomereza mapiritsiwo kuti agwiritsidwe nchito m'maiko osauka, ndipo anafika kwa ana ambiri a mu Africa. Mgwirizano umenewu unayenda bwino cifukwa funso linacokera kwa mayi wolera mwana wodwala, kampani inapanga cimene madokotala anapempha, ndipo mtengo unali wakuti maboma ndi othandiza angaukwanitse. Cimene cinatheka pa Edzi cingathekenso pa shuga.

Ena anganene kuti dziko losauka lisiye nchito yofufuza kwa maiko olemera, ilo lizingogula. Maganizo amenewa aiwala kuti shuga wa mu Africa safanana m'zonse ndi wa ku Ulaya. Mu April 2025, pa msonkhano wa ku Bangkok, bungwe la International Diabetes Federation linavomereza mtundu wina wa shuga, wochedwa wacisanu, umene umagwira acinyamata oonda amene anakula osadya mokwanira. M'caka comweco ofufuza a ku Cameroon, Uganda, South Africa ndi Britain anafalitsa zakuti mwa acinyamata a m'maiko atatu a mu Africa amene anauzidwa kuti ali ndi shuga wa mtundu woyamba, pafupifupi awiri mwa atatu alionse analibe zizindikiro za m'magazi zimene zimapezeka mwa odwala otere ku Ulaya. Mabuku ambiri a udokotala analembedwa poyang'ana odwala a kunja. Mwana wa ku Kabanana amene anakula ndi njala afunika mankhwala ndi muyeso woyesedwa pa anthu onga iye, ndipo kampani ya kutali sidzafunsa funso limeneli ngati madokotala a kuno salifunsa.

Palinso nkhani ya kasungidwe. Insulini yosatsegula iyenera kusungidwa pozizira, pa madigiri 2 kufikira 8. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima mbali yaikulu ya tsiku, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi firiji anasowa mtengo wogwira. Nyumba zambiri za m'makomboni zilibe ndi firiji yomwe, kotero kuti odwala ena amasunga mankhwala ao mumtsuko wa dothi. Mu 2021 akatswiri a University of Geneva ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anafalitsa zimene anapeza potsanzira kutentha kwa msasa wa othawa nkhondo wa Dagahaley ku Kenya, zakuti insulini yotsegula inasunga mphamvu yake kwa masabata anayi pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Kufufuza kotere kulibe dzina lalikulu, koma kumayankha funso la mayi wa m'komboni m'mwezi wa October. Insulini yopirira kutentha, ndi timapepala toyezera shuga totsika mtengo, ziyenera kukhala pamwamba pa zimene mayunivesiti a dziko lino apempha kwa makampani.

Nanga pangano labwino liyenera kukhala ndi ciani? Coyamba ndi mtengo. Munthu woyamba asanalasidwe nyeleti yoyeserera, palembedwe kuti mankhwalawo akadzapambana adzagulitsidwa m'dziko lino, pa mtengo umene boma ndi inshuwaransi ya NHIMA zingakwanitse, ndiponso kuti odwala amene anadzipereka poyesa adzapitiriza kuwalandira kuyesako kukatha. Si cilungamo kuti munthu apereke thupi lake kwa zaka ziwiri kenaka auzidwe kuti mankhwala amene anamuthandiza ndi a anthu a ndalama.

Caciwiri ndi umwini. Magazi a odwala ndi zolembedwa za matenda ao ndi cuma ca dziko. Pangano linene poyera kumene zidzasungidwa, amene adzazigwiritsa nchito ndi colinga cake. Maina a akatswiri a Zambia alembedwe pamodzi ndi anzao pa zofalitsidwa ndi pa zikalata za umwini, ndipo nchito ikatha makina ndi luso zitsale kuno. Nchito ya dokotala wa kuno isathere pa kutunga magazi ndi kuwatumiza pa ndege.

Cacitatu ndi cilolezo ca wodwala. Pepala la Cingelezi losainidwa ndi cala si cilolezo. Munthu auzidwe m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga kapena m'cinenero cina cimene amva, kuti mankhwalawo ndi oyeserera, kuti angathe kumuvulaza, ndi kuti ali ndi ufulu wokana kapena kuleka popanda kumanidwa cithandizo ca kucipatala. Ndalama ya minibasi imene amapatsidwa isakhale nyambo yokolera wosauka. Atsogoleri a m'komboni ndi makomiti a zaumoyo adziwitsidwe nchito isanayambe, ndipo zopezeka zibwezedwe kwa anthu pa msonkhano. Kumene anthu sauzidwa zoona, mphekesera za kuba magazi zimamera msanga, ndipo zimaononga ngakhale nchito yabwino.

Cacinai ndi ufulu wonena zoona. Kampani imene yaika ndalama zambiri imafuna kumva kuti mankhwala ake apambana, ndipo kufuna kotero ndi cibadwa ca malonda. Ncifukwa cake pangano liyenera kupatsa wofufuza mphamvu yofalitsa zopezeka zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Mphunzitsi wa pa yunivesiti amene alandira malipiro kapena ulendo kucokera ku kampani aulule zimenezo, ndipo asakhale m'kabungwe kogamula za mankhwala a kampaniyo. Cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere, ndipo nyumba yofufuziramo yomangidwa ndi mphatso ingathe kutseka pakamwa pa eni ake ngati mau sanalembedwe bwino.

Malamulo othandiza pa zonsezi alipo kale. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kufufuza za umoyo, limene linabala bungwe la National Health Research Authority ndi kuika malire pa kutumiza kunja magazi ndi zina za m'thupi. M'caka comweco kunabwera lamulo la mankhwala limene linakhazikitsa ZAMRA, bungwe lovomereza mankhwala onse ogulitsidwa m'dziko lino. Mu 2016 kunakhazikitsidwa lamulo loteteza nzeru za makolo ndi zacilengedwe za dziko, logwirizana ndi mfundo za pangano la maiko la ku Nagoya la mu 2010. Sing'anga amene aonetsa wofufuza muzu wake ali ndi lamulo lomuteteza, ndipo bungwe la asing'anga la THPAZ liyenera kuphunzitsa mamembala ake za ufulu umenewu. Koma lamulo la pa pepala lifunika anthu ndi ndalama kuti ligwire nchito. Mabungwe oyang'anirawa akhale ndi akatswiri okwanira, olipidwa bwino, kuti asaweramire munthu ali yense.

Mayunivesiti naonso adzikonze. Kampani yaikulu imabwera pa makambirano ndi maloya amene nchito yao ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba mapangano. Profesa wodziwa bwino za kapamba sangalimbane nao yekha. University of Zambia, Copperbelt University, Levy Mwanawasa Medical University ndi masukulu ena afunika maofesi amphamvu a anthu odziwa malamulo a umwini wa luso ndi za malonda, amene adzawerenga mzere uli wonse pangano lisanasainidwe. Boma nalo liike ndalama zake pa kufufuza. Wobwera pa bwalo cimanjamanja amangovomera zimene ena agamula, ndipo kufufuza kodalira alendo okha kumayankha mafunso a alendowo.

Zizindikiro za kusintha zikuoneka mu Africa. Mu December 2022 kampani ya Eli Lilly inapangana ndi EVA Pharma ya ku Egypt za kupanga insulini m'dzikolo, ndipo mu September 2023 Novo Nordisk inapangana ndi Aspen kuti insulini izipangidwa ku South Africa. Zambia, imene imagula kunja mankhwala ake ambiri, iyenera kufunafuna malo ake m'nchito imeneyi. Njira yake ndi kuyamba ndi zimene ingathe, monga mapiritsi a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi opangidwa pa muyeso wovomerezeka, ndi kuphunzitsa acinyamata a sayansi amene mafakitale amenewo adzafuna.

Makampani a cilungamo asaope mfundo zimenezi. Phindu lopezeka m'njira yoyenera si chimo, ndipo kampani imene itaya ndalama pa mankhwala khumi olephera iyenera kupeza pa amodzi opambana. Cimene dziko lipempha ndi cakuti phindulo likhale ndi malire odziwika, ndi kuti mlendo wobwera ndi kalumo kakuthwa amete nako eni mudzi naonso.

Pamene zonsezi zikuyembekezeka, ciyembekezo ca mankhwala atsopano cisaiwalitse akale. Metformin ndi insulini zilipo, zimagwira nchito, ndipo udindo wa ZAMMSA ndi Unduna wa Zaumoyo ndi kuona kuti sizisowa m'makiliniki ndi m'zipatala za Chipata, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chilenje. Anthu naonso ali ndi gawo lao. Womva ludzu losatha, wokodza kawirikawiri usiku, woonda popanda cifukwa kapena wokhala ndi cilonda cosapola apite akayezetse magazi msanga. Wodwala asataye mapiritsi a kucipatala cifukwa ca botolo logulitsidwa pa siteshoni ya mabasi lolonjeza kuciza matenda onse. Kucepetsa zakumwa zotsekemera ndi vitumbuwa, kuculukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, kudya nsima ya mgaiwa pa muyeso, ndi kuyenda pansi tsiku ndi tsiku, ndi thandizo limene silifuna cilolezo ca kampani ili yonse.

Caka ndi caka pa 14 November, tsiku limene Banting anabadwa, maiko amakumbukira matenda a shuga. Akuluakulu a boma, a mayunivesiti ndi a makampani akamakumana pa tsiku limenelo, kapena pa tsiku lina lili lonse losainirana mapangano, adziwe kuti pali munthu wina amene sali m'cipindamo koma panganolo ndi lake. Ndiye wodwala wa ku Kabanana amene amadzuka m'mamawa kukaima pa mzere wa kucipatala ca Chipata. Nchito ya ophunzira ndi amalonda idzayesedwa ndi zimene munthu ameneyu adzalandira pa zenera la mankhwala, ndi mtengo umene dziko lake lidzalipira kuti azilandire mwezi ndi mwezi.